KUBINYA KAKOLO: PHUNZIRO LA MINOFU, MFUNDO NDI MITSEMPHA

Mawu oyamba

Ambiri mwa inu mukukumbukira kuti pamene tidatsegulira sukulu mu Seputembala 2024 ine ndidafika ndikutsimphina. Kwa milungu ingapo sindinkatha kugwada bwino m'tchalitchi, ndipo pa nthawi ya ntchito za manja ndinkangopatsidwa tsache. Ena mudandiseka, ena mudandinyamulira ndowa. Nonse zikomo. Lero ndafuna kubweza ngongole ija pokufotokozerani zimene ndidaphunzira pa vutoli, chifukwa pano timasewera mpira pafupifupi tsiku lililonse, ndipo zimene zidandigwera ine mawa zidzagwera wina. Nkhaniyi ithandizanso anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene akuwerenga za mafupa ndi minofu m'phunziro la Biology.

Zimene zidachitika

Kwathu ndi kwa Mfumu Yaikulu Chigaru, m'boma la Blantyre. Popita kumeneko timatsika basi pa Lirangwe, pa msewu wa M1, n'kukwera kabaza. Ndi dera lotentha, ndipo m'mwezi wa Ogasiti bwalo la mpira limauma gwa ngati simenti. Tsiku lina pa tchuthi tikusewera ndi anyamata a mudzi woyandikana nafe, ndidadumpha kuti ndimenye mpira ndi mutu. Potera ndidaponda chibuluma, phazi lamanja n'kupindikira m'kati. Ndidamva kuti thwa! Pofika madzulo kakolo anali atatupa ngati papaya.

Kunyumba aliyense adabwera ndi nzeru zake. Agogo adawiritsa madzi nayamba kundithowa. Amalume adagwira phazi n'kulikoka mwamphamvu, amvekere: "Limba mtima mphwanga, mtsempha wachoka m'malo, tiubweze." Mayi wina wa pafupi adati panafunika kutema mphini kuti magazi oipa atuluke, koma amayi adakana. Kutacha, chotupa chija chinali chitawonjezeka.

Tsiku lachitatu adandikweza njinga kupita kuchipatala. Adokotala adasindikiza mafupa a mbali zonse ziwiri za kakolo ndi chala, kenaka adandiuza kuti ndiyende mapazi anayi. Ndidayenda, ngakhale movutika. "Achimwene, fupa lanu lili bwino, mwangobinya," adatero. Adandimanga bandeji, nandionetsa mafizo oti ndizichita, ndipo adandichenjeza kuti ndisakhudze mpira kwa milungu isanu ndi umodzi.

Patapita masiku 12 ululu udatha. Ine ndidati ndachira. Mafizo ndidawasiya, ndipo Loweruka lotsatira ndinali m'bwalo. Sindidathe ngakhale chigawo choyamba: phazi lomwe lija lidapindikanso, ulendo uno pamalo osalala bwinobwino, popanda wondigunda. Kubinya kwachiwiriku ndiko kudandifikitsa kuno ndikutsimphina. Funso limene lidandivutitsa linali ili: ngati ululu unali utatha, n'chifukwa chiyani kakolo anali asanachire? Kuti tiyankhe tiyenera kudziwa kaye m'mene thupi limayendera.

1. Mawu amodzi, zinthu zinayi

M'Chichewa mawu akuti "mtsempha" timatchulira zinthu zinayi zosiyana, ndipo apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Pali mitsempha ya magazi. Pali mitsempha yotumiza mauthenga kuchokera ku ubongo. Pali mitsempha yomangirira mnofu ku fupa, imene m'mabuku amati tendoni. Ndipo pali mitsempha yomangirira fupa ku fupa linzake pa mfundo, imene amati ligamenti. Munthu akabinya, chimene chavulala ndi ligamenti: yatamuka kupyola muyeso wake, ndipo ulusi wake wina waduka. Siinachoke m'malo monga ankaganizira amalume. Kukoka phazi lotere kuli ngati kukoka chingwe chimene chayamba kale kuthetheka.

2. Minofu

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206 ndi minofu yopitirira 600. Minofu ilipo ya mitundu itatu: ya mtima, ya m'matumbo ndi m'mitsempha ya magazi imene imagwira ntchito ife osailamula, ndi ya pa mafupa imene timailamula tikafuna kuyenda. Ife tikamba za mtundu wachitatuwu.

Mukang'amba nyama ya nkhuku yophika mumaona kuti ili ndi timaulusi. Mu kaulusi kalikonse muli timizere ta mapuloteni awiri otchedwa actin ndi myosin. Uthenga ukafika kuchokera ku ubongo, myosin amagwira actin n'kumukoka, kumusiya, n'kumugwiranso patsogolo, monga momwe anthu amakokera chingwe potunga madzi pa chitsime. Timizere tija timalowana, mnofu wonse n'kufupika. Zimenezi zidafotokozedwa mu 1954 ndi magulu awiri a akatswiri: Andrew Huxley ndi Rolf Niedergerke, komanso Hugh Huxley ndi Jean Hanson.

Chofunika kukumbukira pa mayeso n'chakuti mnofu umangokoka, sukankha. N'chifukwa chake minofu imagwira ntchito iwiriiwiri. Ponyamula ndowa, katumba wa kutsogolo kwa mkono amafupika, chigongono n'kupindika, pamene mnofu wa kumbuyo ukumasuka. Powongola mkono, wa kumbuyo uja ndiye amakoka.

Nonse mukudziwa kuphwanya kwa thupi kumene kumabwera tikayamba kugalauza mizere titakhala nthawi yaitali osagwira khasu. Ululu wake umakula pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Kale anthu ankati umayamba chifukwa cha lactic acid, koma iyeyu amachoka m'minofu pakangopita ola limodzi kapena awiri. Chimene chimapweteka ndi timabala ting'onoting'ono ta m'timaulusi tija. Thupi likatikonza, mnofu umalimba kuposa kale, ndiye chifukwa chake mlungu wachiwiri wa kulima supweteka ngati woyamba. Mnofu umachira msanga popeza uli ndi magazi ambiri.

3. Mfundo

Mfundo ndi pamene mafupa awiri kapena angapo akumana. Zina zimapindikira mbali imodzi yokha ngati chitseko, monga chigongono. Zina zimazungulira ngati munsi mu mtondo, monga phewa ndi pamene ntchafu yalowa m'chiuno. Phazi limodzi lokha lili ndi mafupa 26 ndi mfundo 33, ndipo n'zimene zimatilola kuyenda m'mizere ndi m'miyala osagwa.

Nsonga za mafupa pa mfundo zidakutidwa ndi chicherechere, choyera ndi choterera, chija timatafuna pa fupa la nkhuku. Mfundo yonse ili m'kathumba mmene muli timadzi tonanda ngati choyera cha dzira, togwira ntchito ya girisi. Chicherechere chilibe mitsempha ya magazi. Chimadya kuchokera m'timadzi timeneti, ndipo chimatero ngati chinkhupule: tikaponda chimafinyika, tikanyamula phazi chimayamwa. Choncho mfundo imene sikuyenda ili ngati munthu amene akumanidwa chakudya. Kathumba kaja kamakhwinyata, timadzi timachepa, mfundo n'kuuma. Amene adavalapo chikhakha akudziwa kuti tsiku lochichotsa mkono umakhala wowonda ndiponso wokanika kupinda, ngakhale fupa litalumikizana bwino.

4. Zomangira thupi

Tendoni, ligamenti, chicherechere ndi kachikopa koyera kokuta mnofu uliwonse, zonsezi ndi za banja limodzi. Ntchito yake ndi kumanga ndi kulumikiza, monga luzi pa denga la nyumba. Zidapangidwa makamaka ndi puloteni yotchedwa kolajeni. Mukaphika mang'ina n'kuwasiya usiku wonse, msuzi wake umagwirana ngati phala lozizira. Ameneyo ndi kolajeni amene wasungunuka ndi moto.

Pamene tinali ana tinkatenga phazi la nkhuku yophedwa n'kukoka kachingwe koyera kotulukira pamene adula, zala zake n'kufumbata. Kachingwe kaja ndi tendoni. Yaikulu ndi yolimba koposa m'thupi la munthu ndi ija ya kumbuyo kwa chidendene, yotchedwa Achilles, imene imatikweza pa zala tikamathamanga.

Tendoni ndi ligamenti n'zoyera chifukwa zili ndi magazi ochepa. Magazi ndiwo amabweretsa mpweya ndi zomangira pa bala, ndiye pamene pali magazi ochepa pamachedwanso kupola. Ili ndi gawo loyamba la yankho la funso langa lija.

Gawo lachiwiri ndi ili. M'maligamenti, m'matendoni ndi m'minofu muli timitsempha ta mauthenga timene timauza ubongo nthawi zonse m'mene phazi lakhalira. Ndi timene timatilola kuyenda usiku mu mdima osayang'ana pansi. Phazi likayamba kupindika, uthenga umathamanga, minofu ya kunja kwa mwendo n'kulibweza ife tisanazindikire n'komwe. Munthu akabinya, timitsempha timeneti timavulalanso, ndipo uthenga umachedwa. Ine ndidabinya kachiwiri pamalo osalala chifukwa alonda a kakolo wanga anali asanabwerere pa ntchito.

5. M'mene bala la m'kati limapolera

Kupola kuli ndi magawo atatu.

Gawo loyamba ndi la kutupa, ndipo limatenga masiku ochepa. Magazi ndi madzi zimasonkhana pa malo ovulala, ndipo asilikali a m'magazi amachotsa zonse zowonongeka. Kutupa pang'ono n'kofunika. Koma kuthowa ndi madzi otentha, kusisita mwamphamvu ndi kukoka pa masiku awiri kapena atatu oyambawa kumatsegula mitsempha ya magazi imene yang'ambika, chotupa n'kukula. Agogo sadalakwitse mankhwala, adalakwitsa nthawi: madzi ofunda amathandiza pambuyo pake, pofewetsa mfundo youma munthu asanayambe mafizo.

Gawo lachiwiri ndi la kumanga, ndipo limatenga milungu ingapo. Thupi limayala kolajeni watsopano mofulumira, koma ulusi wake umakhala wopyapyala ndi wopingasapingasa ngati udzu umene mphepo yamwaza. Ululu umatha m'gawo limeneli, ligamenti isanalimbe. Apa ndi pamene ndidanyengeka ine.

Gawo lachitatu ndi la kukhwimitsa, ndipo limatha miyezi, nthawi zina mpaka chaka. Thupi limachotsa ulusi wofooka n'kuika wolimba, ndipo limauyala motsata kumene ukukokedwa. Ligamenti imene ikugwiritsidwa ntchito pang'onopang'ono imaluka ulusi wake mbali imodzi ngati chingwe cha khonje. Imene yangogonekedwa imatsala yopingasa ndi yofooka. Fupa nalo limatero: dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, adalemba mu 1892 kuti fupa limalimba molingana ndi katundu amene likusenza.

Kugona nthawi yaitali kumawononga thupi lonse. Mu 1966 ku Dallas, m'dziko la America, anyamata asanu a zaka 20 adagonekedwa pa bedi milungu itatu kuti akatswiri aone zotsatira zake. Patapita zaka 30 adawayezanso, ndipo adapeza kuti milungu itatu ija idafooketsa mphamvu ya mtima ndi kupuma kwawo kuposa zaka 30 za kukula. N'chifukwa chake masiku ano odwala amene achitidwa opaleshoni amadzutsidwa msanga kuti ayambe kuyenda.

Malangizo a madokotala nawo asintha. Mu 1978 dokotala wa ku America, Gabe Mirkin, adafalitsa njira yotchedwa RICE, imene inkatsindika kupumitsa chiwalo, kuika ayisi, kumanga bandeji ndi kukweza mwendo. Pambuyo pake mwiniwakeyo adavomera kuti kupuma kwambiri ndi ayisi wambiri zingachedwetse kupola. Lero akatswiri amati chiwalo chitetezedwe masiku ochepa oyamba, kenaka chiyambe kusenza katundu pang'onopang'ono.

6. Zoyenera kuchita mnzathu akabinya

(a) Atuluke m'bwalo nthawi yomweyo. Kupitiriza kusewera si chamuna.

(b) Agone chagada, mwendo autsamiritse pamwamba kuposa chifuwa. Mangani bandeji kapena chitenje choyera kuyambira ku zala kukwera m'mwamba, koma osathinitsa. Zala zikachita dzanzi kapena kuzizira, masulani.

(c) Nsalu yonyowetsa ndi madzi ozizira a mu mtsuko imachepetsa ululu. Ngati pali ayisi, mukulungeni m'nsalu ndipo asakhalitse.

(d) Musakoke, musathowe pa masiku atatu oyamba, ndipo musateme mphini. Mphini zimatsegula khomo la mafinya ndi kafumbata, ndipo lezala lobwerekana limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi.

(e) Pitani naye kuchipatala msanga ngati sangathe kuponda mapazi anayi, ngati fupa lenilenilo likupweteka polisindikiza kumbuyo kapena kunsonga kwa kakolo, ngati phazi lapotoka, kapena ngati lachita dzanzi. Mayeso a mapazi anayi amene adandichita adokotala aja ndi gawo la malamulo amene madokotala a ku Ottawa, m'dziko la Canada, adasindikiza mu 1992 pofuna kudziwa amene akufunika kujambulidwa X-ray.

7. Mafizo amene adandichiritsa

Nditabinya kachiwiri ndidamvera. Masiku oyamba ndinkakhala pa mpando n'kumalemba malembo a alifabeti m'malere ndi chala chachikulu cha phazi, kuyambira A mpaka Z, katatu pa tsiku. Kenaka ndidayamba kukoleka thaulo ku phazi n'kulikokera kwa ine kuti mnofu wa kumbuyo kwa mwendo utamuke. Pamene ndidatha kuponda bwino, ndidadula mphira wa chubu chakale cha njinga, n'kuumanga ku mwendo wa bedi, ndipo ndinkaukoka ndi phazi molozera kunja kuti minofu yoteteza kakolo ilimbe. Ndinkaimanso pa zala nditagwira khoma, kukwera ndi kutsika.

Chimene chidandithandiza koposa ndi kuima ndi mwendo umodzi. Poyamba sindinkatha ngakhale kuwerenga mpaka khumi. Ndinkachita zimenezi potsuka mano, m'mawa ndi madzulo. Nditazolowera ndidayamba kutsinzina, kenaka kuimirira pa pilo. Umu ndi m'mene timitsempha ta mauthenga tija timaphunzirira ntchito yake kachiwiri.

Muyeso wake ndi uwu: kumva kukoka kapena ululu pang'ono si vuto, koma ngati m'mawa mwake papweteka kwambiri kapena patupanso, ndiye kuti mwapyola, bwererani pambuyo. Musanabwerere m'bwalo muzitha kuthamanga molunjika, kuthamanga mokhotakhota, ndi kudumpha ndi mwendo wovulalawo mofanana ndi unzake. Ine zidanditengera miyezi itatu. Ndikadamvera poyamba paja zikadatenga theka lake. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chakudya nacho chili ndi gawo lake. Minofu ndi kolajeni zimamangidwa ndi mapuloteni, amene timawapeza mu nyemba, nandolo, mtedza, usipa ndi mazira. Thupi silingapange kolajeni wolimba popanda vitamini C, ndipo kwathu kwa Chigaru ameneyu adadzaza m'malambe ndi m'masau, zipatso zimene timangoziona ngati zoseweretsa pakamwa. Fodya amachepetsa magazi ofika pa bala ndipo amachedwetsa kulumikizana kwa mafupa.

8. Ntchito imeneyi m'dziko lathu

Zimene takambazi ndi maziko a ntchito yaikulu imene yachitika kuno ku Malawi. Matenda a poliyo amaononga mitsempha ya mauthenga yolamula minofu. Mnofu wosalandira uthenga umafota, unzake wa mbali ina umakoka wokha, ndipo mfundo imauma itapindika. Pofuna kuthandiza anthu otere, mu 1979 padakhazikitsidwa bungwe la Malawi Against Polio, limene pambuyo pake lidasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities. Poliyo adaonekanso mwa mwana wina ku Lilongwe, monga boma lidalengezera mu Febuluwale 2022, ndipo padatsatira katemera wa ana m'dziko lonse.

Popeza madokotala a mafupa anali ochepa kwambiri, mu 1985 Dr Edward Blair wa ku Canada adayambitsa ku Blantyre maphunziro a miyezi 18 a ma Orthopaedic Clinical Officer. Amenewa ndi amene amawongola mafupa ndi kumanga zikhakha m'zipatala za m'maboma. Mu 2002 ku Blantyre komweko kudatsegulidwa chipatala cha mafupa cha Beit CURE, ndipo kulinso Kachere Rehabilitation Centre kumene anthu ofa ziwalo amaphunziranso kukhala, kuima ndi kuyenda. Sukulu ya College of Medicine, imene kuyambira 2021 ili m'gulu la Kamuzu University of Health Sciences, imaphunzitsa akatswiri a mafizo mpaka pa digiri.

Chitsanzo chokoma ndi cha ana obadwa ndi mapazi opindikira m'kati. Dokotala wobadwira ku Spain, Ignacio Ponseti, amene ankagwira ntchito ku Iowa, adaona kuti maligamenti a khanda amatamuka akamakokedwa mofatsa. Njira yake ndi yowongola phazi pang'ono mlungu uliwonse n'kulimanga m'chikhakha, kasanu kapena kupitirirapo, kenaka mwana amavala nsapato zapadera zolumikizidwa ndi kachitsulo. Njira imeneyi ikugwiritsidwa ntchito m'zipatala za kuno kwathu. Tikapita ku tchuthi n'kuona khanda lotere m'mudzi, tiwauze makolo kuti vutoli limachizika ndipo apite nalo kuchipatala likadali laling'ono. Taonani kusiyana kwake: amalume adakoka phazi langa kamodzi ndi mphamvu zonse, pamene Ponseti ankakoka pang'ono kwa milungu yambiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mawu otsiriza

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndidawafotokozera agogo zonsezi. Adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adati: "Ndamva mdzukulu wanga. Koma amene adakutuma ku mpira usanachire si ine." Ndidasowa choyankha. Tsopano ndabwerera m'timu, ndipo mukandiona m'mawa nditaima ndi mwendo umodzi, mswachi uli m'kamwa, musadabwe.

Mafunso obwereza

1. Tchulani zinthu zinayi zimene m'Chichewa timazitcha "mtsempha", ndipo fotokozani ntchito ya chilichonse.

2. N'chifukwa chiyani minofu imagwira ntchito iwiriiwiri? Perekani chitsanzo cha pa mkono.

3. N'chifukwa chiyani ligamenti imachedwa kupola kuposa mnofu?

4. Mnzanu wabinya pa bwalo la mpira. Tchulani zinthu zitatu zoyenera kuchita, zitatu zosayenera kuchita, ndi zizindikiro zimene zingakuuzeni kuti apite kuchipatala msanga.